Ntchentche za Miyendo Yaitali: M'mene Zinapezera Maina

M'mawa dzuwa likayamba kufunda, munthu amene akuthirira ndiwo kudimba akayang'anitsitsa pa tsamba la nthochi kapena la dzungu amatha kuona kantchentche kakang'ono kobiriwira, konyezimira ngati mkuwa wopukutidwa. Kamaima njo pa timiyendo tatitali toonda, kamathamanga pang'ono, n'kuima, n'kuthamanganso. Chala chikayandikira kamauluka, koma posachedwa kamateranso pa tsamba lomwelo kapena la pafupi. Anthu ambiri amangoti ndi ntchentche, ndipo ena amakapopera mankhwala pamodzi ndi tizilombo toononga mbewu. Komatu kantchentche aka sikalondola nsima, ndiponso sikaluma munthu kapena chiweto. Ntchito yake ndi kusaka. Kamagwira nsabwe za m'masamba ndi tizilombo tina tofewa, ndipo abale ake okhala m'mbali mwa zithaphwi amadya ngakhale mphutsi za udzudzu.

Akatswiri a tizilombo amatcha banja la ntchentche zimenezi Dolichopodidae. Dzinali linachokera ku mawu awiri a Chigiriki, limodzi lotanthauza chinthu chachitali, lina lotanthauza phazi. Mitundu ya m'banjali imene yalembedwa m'mabuku imapitirira 7,000, ndipo imapezeka pafupifupi m'maiko onse a dziko lapansi. Yambiri siitalika kufika sentimita imodzi. Nkhani ya lero ikulongosola m'mene anthu anaphunzirira kusiyanitsa mitundu imeneyi. Ntchitoyo yatenga zaka zoposa 260, ndipo nthawi yonseyi funso lakhala limodzi lomwe: mwa zonse zimene diso likuona pa kachilombo, n'ziti zimene zikusonyezadi kuti aka ndi mtundu wina?

Mbiriyi imayamba m'chaka cha 1758, pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden anasindikiza kachikhumi buku lake la Chilatini lotchedwa Systema Naturae. M'bukuli nyama iliyonse inapatsidwa maina awiri. Loyamba ndi la fuko, ndipo limagwira ntchito ngati mfunda wa munthu, monga Phiri kapena Banda, umene anthu ambiri amagawana. Lachiwiri ndi la mtundu umodzi wokha m'fukomo, monga dzina limene mwana amapatsidwa akabadwa. Koma mafuko a Linnaeus anali aakulu zedi. Ntchentche zambirimbiri zosiyana anaziunjika m'fuko limodzi lotchedwa Musca. Motero ntchentche ina ya miyendo yaitali ya ku Ulaya, imene iye anaitcha Musca ungulata, inagawana mfunda ndi ntchentche ya m'nyumba imene imatera pa zinyalala, ngakhale kuti ziwirizi n'zosiyana m'maonekedwe ndi m'makhalidwe omwe.

Amene anazilekanitsa anali Pierre André Latreille, wansembe wa ku France. M'nthawi ya chipwirikiti chachikulu cha m'dziko lake, Latreille anatsekeredwa m'ndende ku Bordeaux. Ali m'chitolokosimo anatola kachikumbu ndipo anazindikira kuti n'kosowa. Kachikumbuko kanafika m'manja mwa mnyamata wina wokonda zachilengedwe dzina lake Bory de Saint-Vincent, amene anayesetsa mpaka mkaidiyo anamasulidwa. M'chaka cha 1796 Latreille anatulutsa buku losanja mafuko a tizilombo, ndipo m'menemo anakhazikitsa fuko latsopano la Dolichopus. Ntchentche ya Linnaeus ija inasamukira kumeneko ndipo lero imatchedwa Dolichopus ungulatus. Latreille anaonanso kuti mafuko ofanana angasonkhanitsidwe m'gulu lalikulupo lotchedwa banja, ndipo dzina la banja la ntchentche za miyendo yaitali limawerengedwa kuyambira pa buku lake la 1809.

Tsono panafunika munthu woti alowe m'banjali ndi kuwerenga ana ake. Ntchitoyo anaiyamba ndi Johann Wilhelm Meigen, mphunzitsi wa ku Germany amene anakhala zaka zambiri m'tauni ya Stolberg, pafupi ndi Aachen. Pakati pa 1818 ndi 1838 iye anatulutsa mabuku asanu ndi awiri ofotokoza ntchentche za ku Ulaya, ndipo zithunzi zake ankajambula yekha. Meigen anaphunzitsa anzake kuyang'ana phiko. Phiko la ntchentche lili ndi timitsempha tolilimbitsa, ndipo kayalidwe ka timitsemphati sikasinthasintha m'banja limodzi. Pa ntchentche za miyendo yaitali, tizigawo tiwiri ta pakati pa phiko, timene pa ntchentche zina zambiri timalekanitsidwa ndi kamtsempha kopingasa, timakhala tolumikizana. Chizindikiro chimenechi chikugwirabe ntchito kufikira lero. Buku lachinayi la Meigen, la m'chaka cha 1824, linakhazikitsa mafuko ena a m'banjali monga Chrysotus ndi Diaphorus.

M'buku lomwelo munabadwa vuto la mtundu wina. Meigen anatcha fuko lina Psilopus, osadziwa kuti katswiri wa ku Italy dzina lake Poli anali atagwiritsa kale dzinalo m'chaka cha 1795 pa nyama ya m'nyanja ya m'gulu la nkhono. Mwambo wa maina a nyama sulola kuti mafuko awiri akhale ndi dzina limodzi, ndipo woyamba kulitchula ndiye mwini wake. Motero m'chaka cha 1842 Philipp Zeller anapereka dzina lolowa m'malo la Sciapus. Komabe olemba ambiri anapitiriza kugwiritsa ntchito dzina lakale lija kwa zaka makumi angapo, kotero kuti wowerenga mabuku akale amayenera kudziwa maina onse awiri.

Munthu amene anazamitsa kwambiri maphunziro a banjali anali Hermann Loew, amene anabadwa m'chaka cha 1807 ndi kumwalira mu 1879. Iyenso anali mphunzitsi, ndipo kwa zaka zambiri anali mkulu wa sukulu ku Meseritz, tauni imene lero ili m'dziko la Poland. M'chaka cha 1845 Loew anafotokoza ntchentche yaimuna imene miyendo yake ya kutsogolo inali yodabwitsa: yokhotakhota, yotupa mwina ndi mwina, ya timphanda ndi tizingwe tolendewera. Anaipatsa dzina la magius. Patapita zaka, katswiri wa ku Berlin dzina lake Gerstaecker anamudzudzula kuti wapanga mtundu watsopano kuchokera pa ntchentche yodwala, imene miyendo yake inamera chuku. Mlanduwu unali waukulu kwa munthu wa ntchito yotere, chifukwa kupereka dzina kwa chinthu cholumala ndi chizindikiro cha diso losaphunzira. Koma ntchentche zina zotero zinagwidwa m'madambo a mchere a m'mbali mwa nyanja, ngakhale ku England, ndipo zazimuna zonse zinali ndi miyendo yofanana ndendende. Chuku sichimera mofanana chotero pa nyama iliyonse. Loew anali atalondola, ndipo ntchentcheyo lero imatchedwa Campsicnemus magius.

Mkangano umenewu unaunikira chinthu chimene chili pa mtima pa banja lonseli. Zazimuna za mitundu yambiri zili ndi zokometsera zimene zazikazi zilibe. Ina ili ndi mapazi otambasuka ngati timbendera, ina ili ndi ubweya wasiliva pa miyendo, ina ili ndi maanga pa mapiko. Zokometserazi zimagwira ntchito pofunsira. Mtundu wina wa ku Ulaya, Poecilobothrus nobilitatus, umene Linnaeus anaulemba m'chaka cha 1767, uli ndi nsonga zoyera pa mapiko, ndipo yaimuna imaima kutsogolo kwa yaikazi pamwamba pa chithaphwi n'kumakupiza mapikowo ngati munthu wokodola mnzake. Popeza mtundu uliwonse uli ndi zokometsera zakezake, chimene yaikazi imazindikira nacho mnzake ndicho chimenenso katswiri amazindikira nacho mtundu. M'chaka cha 1857 Loew anagawa fuko lalikulu la Dolichopus ndi kukhazikitsa ena monga Hercostomus. Chimodzi mwa zosiyanitsa mafuko awiriwa n'chaching'ono kwambiri: a Dolichopus ali ndi timinga pamwamba pa mfundo yoyamba ya phazi la kumbuyo, pamene a Hercostomus alibe. Akale sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpaka apa nkhani yakhala ya ku Ulaya, chifukwa kumeneko n'kumene kunali mabuku, magalasi okuza zinthu ndi nyumba zosungiramo tizilombo. Ntchentche za mu Afirika zinkafika kwa akatswiriwo zitauma, zitabayidwa pa timaphini m'mabokosi. Johan August Wahlberg wa ku Sweden anasonkhanitsa nyama ndi tizilombo tambiri kumwera kwa Afirika, ndipo anaphedwa ndi njovu m'chaka cha 1856 m'dera la kufupi ndi nyanja ya Ngami. Ntchentche zimene iye anatumiza ku Stockholm zinafika m'manja mwa Loew, amene anazifotokoza m'zolemba zake za 1858 ndi 1860, ndipo pakati pake panali za miyendo yaitali. Pambuyo pake kunabwera Theodor Becker, amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali yoyang'anira zomangamanga mu mzinda wa Liegnitz. Pakati pa 1917 ndi 1923 iye anasanja banja lonseli chigawo ndi chigawo cha dziko lapansi, ndipo gawo la Afirika linatuluka mu 1923, iye atapitirira zaka 80. Charles Howard Curran wa ku Canada analemba za mitundu ya ku South Africa ndi ku Congo m'zaka za m'ma 1920. Wansembe wina wa ku France, Octave Parent, anafotokoza mitundu yambiri ya mu Afirika muno, ndipo buku lake la 1938 la mitundu ya ku France linakhala chida cha ophunzira kwa nthawi yaitali.

Dziko lino lili ndi mbali yake m'mbiriyi. M'masiku a Nyasaland, boma la Britain linatumiza akatswiri kudzafufuza tizilombo, makamaka chifukwa cha kashembe ndi ntchentche zina zoluma zimene zimafalitsa matenda. Mmodzi wa iwo anali Sheffield Airey Neave, amene cha m'ma 1913 anagwira tizilombo ta mitundumitundu ku Mulanje ndi kutitumiza ku London. Neave yemweyo ndiye pambuyo pake anasonkhanitsa mndandanda wa maina a mafuko onse a nyama, wotchedwa Nomenclator Zoologicus, umene mabuku ake anayi oyamba anatuluka mu 1939 ndi 1940. Phindu la mndandandawo linali lakuti wofuna kutcha fuko latsopano ayambe wayang'ana ngati dzinalo lili ndi mwini kale, kuti cholakwa cha Meigen chija chisabwerezedwe.

M'zaka zimenezi kayang'anidwe kanali katasintha. Akatswiri anapeza kuti kunyezimira kwa thupi kumanyenga, chifukwa mitundu iwiri ingafanane kotheratu pa maonekedwe a kunja, ndipo mtundu umodzi ungaoneke wobiriwira kapena wofiirira malinga ndi m'mene kuwala kwagwera. Motero anatembenukira ku ziwalo zoberekera za yaimuna. Pa ntchentche za m'banjali ziwalozi zimakhala zazikulu pa mafuko ambiri, zopotoka ndi zopindikira kunsi kwa mimba, ndipo tizigawo take timasiyana mtundu ndi mtundu monga momwe mano a mfungulo amasiyanira. Wofufuza amadula nsonga ya mimba, kuiviika m'mankhwala ofewetsa, ndi kuijambula pansi pa makina okuza zinthu. Njirayi ili ndi chilema chimodzi: imathandiza pa zazimuna zokha. N'chifukwa chake m'mabokosi a m'nyumba zosungiramo tizilombo muli zazikazi zambiri zimene fuko lake likudziwika koma mtundu wake sunalembedwe.

Pofuna kuthandiza amene sali akatswiri, olemba amakonza chimene amachitcha mfungulo. Uwu ndi mndandanda wa mafunso, lililonse lokhala ndi mayankho awiri okha, ndipo munthu amayenda nawo monga wa pa ulendo amasankhira njira pa mphambano. Kodi pamwamba pa mutu, pakati pa maso, m'polowa m'kati kapena m'posalala? Kodi mtsempha wachinayi wa phiko wachita mphanda kapena wangoyenda umodzi? Ngati mutu uli wolowa ndipo mtsempha wachita mphanda, ndiye kuti ntchentcheyo ndi ya m'gulu la abale a Sciapus, ndipo m'gulu limeneli ndimo muchokera zambiri mwa zonyezimira zimene zimaoneka pa masamba m'maiko otentha. Funso lililonse limachepetsa chiwerengero cha maina otsala, mpaka patatsala limodzi.

Kusintha kwina kunadza ndi Willi Hennig wa ku Germany, amene nayenso anali katswiri wa ntchentche. Buku lake la 1950, limene anayamba kulilemba ali mkaidi wa nkhondo, linanena kuti kufanana pakokha sikukwanira. Iye anati magulu ayenera kusanjidwa malinga ndi ubale wa kubadwa, poyang'ana zizindikiro zatsopano zimene zidzukulu za kholo limodzi zinatengera kwa khololo. Munthu wa kumudzi amadziwa kale kuti anthu awiri aatali sakhala pachibale chifukwa cha msinkhu, koma kuti mbumba imawerengedwa potsata amene anabala. Potsata njira imeneyi, Bradley Sinclair ndi Jeffrey Cumming a ku Canada anasonyeza m'chaka cha 2006 kuti timagulu tiwiri ta tintchentche totuwa, Microphorinae ndi Parathalassiinae, timene kale tinkawerengedwa kwina, ndi abale apafupi a ntchentche za miyendo yaitali, ndipo anatilowetsa m'banjali. Chaka chomwecho akatswiri a ku Beijing, motsogozedwa ndi Ding Yang, anatulutsa mndandanda wa mitundu ya banjali ya dziko lonse lapansi.

Kuyambira m'chaka cha 2003, pamene Paul Hebert wa ku Guelph, ku Canada, anafalitsa njira yozindikira nyama poyesa kachidutswa kakang'ono ka DNA, akatswiri ali ndi mboni ina. DNA ndi malangizo a chibadwa amene ali m'thupi la chamoyo chilichonse, ndipo mwendo umodzi wa ntchentche umakwanira kuwayesa. Njirayi imatha kulumikiza yaikazi ndi yaimuna ya mtundu wake, ngakhalenso mphutsi ndi ntchentche imene idzatulukamo. Komabe siinachotse ntchito yakale, chifukwa makina amangonena kuti ichi n'chofanana ndi icho. Kuti atchule dzina, pamafunika kuti munthu wina akhale atayang'ana kale ntchentcheyo ndi kuiyerekeza ndi yoyamba imene inalandira dzinalo, imene imasungidwa mosamala ngati mboni.

Kwa Afirika, mndandanda waukulu woyamba wa ntchentche za kumwera kwa chipululu cha Sahara unatuluka ku London m'chaka cha 1980, mkonzi wake ali Roger Crosskey. Kuchokera m'zaka za m'ma 1990, Igor Grichanov wa ku St Petersburg wakhala akuunikanso mafuko a mu Afirika limodzi ndi limodzi ndipo wafotokoza mitundu yatsopano yambirimbiri. Iye ndi Scott Brooks analemba mutu wa banjali m'buku lotchedwa Manual of Afrotropical Diptera, limene gawo lake lachiwiri linasindikizidwa ku South Africa m'chaka cha 2017. M'bukuli muli mfungulo ya mafuko a mu Afirika, ndipo wophunzira wa ku Zomba, ku Chipata kapena ku Tete angathe kuigwiritsa ntchito ngati ali ndi makina okuza zinthu.

Wina angafunse kuti khama lonseli lipindulanji. Yankho lina lili pa mtsinje wa Shire, pamene namasupuni amatseka njira za mabwato, kuvutitsa asodzi ndi kusokoneza makina opangira magetsi. Chomerachi kwawo ndi ku South America, ndipo kuno chinafika chopanda adani ake. M'zaka za m'ma 1990 m'Malawi munabweretsedwa anankafumbwe a fuko la Neochetina kuti azichidya. Tsono m'banja la ntchentche za miyendo yaitali muli fuko limodzi losiyana ndi anzake, lotchedwa Thrypticus, limene mphutsi zake sizisaka koma zimaboola mapesi a zomera za m'madzi ndi m'madambo. M'chaka cha 2004 Daniel Bickel wa ku Sydney ndi Cristina Hernández wa ku Argentina anafotokoza mitundu yatsopano ya fukoli imene inatuluka m'mapesi a namasupuni ndi a zomera za m'banja lake. Cholinga chinali kuona ngati ingathandize polimbana ndi chomeracho. Pa ntchito yotere dzina lolakwika n'loopsa, chifukwa mitundu iwiri yofanana m'maso ingakhale ndi zakudya zosiyana, ndipo kachilombo kakamasulidwa m'dziko lachilendo sikabwezeka. Fuko linanso, la Medetera, limathandiza osamala nkhalango: mphutsi zake zimalowa m'tinjira ta pansi pa khungwa ndi kudya mphutsi za tizikumbu toboola mitengo.

Yankho lina likuchokera ku zilumba za Hawaii, kumene fuko la Campsicnemus, lomwe lija la ntchentche ya Loew, lili ndi mitundu yoposa 100 yosapezeka kwina kulikonse. Kumeneko, pa phiri la Tantalus pa chilumba cha Oahu, R. C. L. Perkins anagwira kantchentche kosauluka, kamene mapiko ake anali ngati tizingwe, ndipo kankangothamanga pa masamba ogwa pansi. Percy Grimshaw anakatcha Emperoptera mirabilis m'chaka cha 1902. Ofufuza a pambuyo pake anabwerera pa phiripo koma sanakapezenso, ndipo akatswiri amaganiza kuti nyerere zobwera ndi anthu ndizo zinakatha. Lero kamawerengedwa pakati pa nyama zimene zinatheratu. Chimene chatsala ndi timitembo towerengeka pa maphini pamodzi ndi dzina. Pakanapanda dzinalo, palibe akanadziwa kuti pa phiripo panatayika kanthu.

Mitundu yatsopano ya banjali ikulembedwabe chaka ndi chaka, ndipo yambiri ikuchokera m'maiko otentha, m'nkhalango za m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, malo onga amene ali ku Mulanje, ku Zomba ndi ku Nyika. Mwa anthu amene nkhaniyi yawatchula, awiri anali aphunzitsi, awiri ansembe, ndipo mmodzi woyang'anira zomangamanga. Zida zawo zinali ukonde wopepuka, galasi lokuza zinthu, timaphini ndi kapepala kolembapo malo ndi tsiku limene kachilombo kagwidwa. Mphunzitsi amene ali ndi dimba kuseri kwa sukulu angayambire pomwepo, posonyeza ana kantchentche kobiriwira ka pa tsamba la nthochi ndi kuwauza kuti ayambe ayang'ana miyendo ndi mapiko ake asanakapopere mankhwala.